Telala Amene Anakonza Chikombole cha Magitala

Anamfedwa nonse, mayi amene tikuwaperekeza lerowa anabadwa pa 9 Meyi 1961, ali achiwiri m'banja la ana asanu. Ine ndikulankhulane ndine mlongo wawo, chitsirizira m'banjamo.

Sukulu anayamba mu 1968, koma anasiyira kupulayimale bambo athu atamwalira. Anakaphunzira kusoka kwa azakhali, ndipo pofika 1980 anali ndi makina awoawo pakhonde la sitolo ya nsalu. Dzina loti aTelala linachokera pamenepo.

Pa 18 Ogasiti 1984 anakwatiwa ndi alamu athuwa, mmisiri wopanga magitala. Malemu ankakonda kuseka kuti analowa mitala osadziwa, mkazi wamkulu ndi gitala.

Mu Juni 2012 alamu anadwala sitiroko, dzanja lamanzere n'kufa. Pa ntchito yawo pali makina osemera thabwa amene amisiri amati rauta. Ndiwo amakumba mphako yolowetsamo khosi la gitala, ndipo amafuna manja awiri olimba. Alamu atayesa ndi dzanja limodzi, makinawo ankawapulumuka n'kung'amba thabwa. Anatseka shedi yawo, n'kumangokhala pampando maso ali kukhoma. Chakudya ankakana. Tsiku lina anauza malemu kuti agulitse zipangizo zonse, pakuti mwini wake anafa kale.

Malemu sanagulitse ngakhale msomali. Anati ngati patani ya pepala imawongolera sizasi podula diresi, makinawonso angathe kuyenda m'patani ya thabwa. Anazula chitseko cha wadiropu yawo, n'kuchiboola pakati molingana ndi khosi la gitala, m'mbali mwake n'kukhomamo njanji za makatani kuti rauta izitsetsereka osapatuka. Chikombole choyambachi chinang'aluka. Chachiwiri chinapindika ndi chinyezi, ndipo alamu anawakalipira kuti aleke kuwapatsa chiyembekezo chabodza. Koma malemu anayambanso china. Mu Malichi 2013 chachitatu chinagwira. Alamu anakankha makinawo ndi dzanja limodzi, khosi la gitala linalowa ndendende, ndipo anakhala pansi pa utuchi n'kulira ngati mwana.

Koma mabawuti opanira thabwa m'chikombolemo ankafunabe manja awiri. Choncho malemu anavundikira makina awo osokera, n'kumaswera m'shedimo kumanga ndi kumasula, nkhope ili m'fumbi. Chophimba kumphuno ankati chimawatsamwitsa, koma ankaonetsetsa kuti amuna awo avala chawo, poti odwala ndi iwowo.

Chifuwa chinayamba mu 2021. Tikawafunsa ankatiyankha kuti ndi chimfine cha ukalamba. Mu Novembala 2023 madokotala anapeza kuti mapapo awo awonongeka kwambiri. Atabwerako kuchipatala anayamba chikombole china, chopana ndi phazi monga mmene telala amapondera makina ake, kuti alamu adzathe kugwira ntchito okha. Ankakhoma pang'ono n'kukhala pansi kufuna mpweya. Mphamvu zinawathera ntchitoyo isanathe, ndipo anatisiya pa 3 Febuluwale 2025 ali m'chipatala. Chikombolecho chili pabenchi, chopondera chake sichinalumikizidwe.

Malemu asiya amuna awo, ana atatu, zidzukulu zisanu, mng'ono wawo mmodzi ndi ine mlongo wawo.

Banja likuthokoza anamwino amene anawasamalira, anansi amene ankawanyamula popita kuchipatala, ndi oimba amene mwabwera ndi magitala otuluka m'shedi ija. Kwa amisiri amene mwayamba kale kufunsa za zipangizo, alamu akuti sizikugulitsidwa. Koma ngati alipo pakati panu wodziwa kulumikiza chopondera, chitseko n'chotsekula.

Achemwali, mwakhala mukupuma movutikira nthawi yaitali. Pumani tsopano mumtendere.