Kiyi Yosaoneka Polowa

Pasiteji ya Mtunthama, Jeremiya ankalimbana ndi laputopu pamene mayi wachilendo amene ankadikira minibasi anasuzumira.

"Yavuta, achimwene? Ine ndimakonza zimenezi."

"Ndi pulogalamu yotumizira alimi mauthenga, mayi. Ndikalowa m'kompyuta pulogalamuyo imati kiyi yake yachinsinsi palibe, chonsecho ndinailemba ndekha. Lole yonyamula fodya ikubwera mawa, anthu sakudziwa!"

"Munailemba m'fayilo iti?"

"Mu .bashrc."

"Imeneyo imawerengedwa mukatsegula teminolo basi, polembera malamulo paja. Polowa, kompyuta imawerenga fayilo ya .profile. Isamutsireni mmenemo, mutuluke, mulowenso."

Jeremiya atatero, foni inalira m'chikwama cha mayiyo.

"Yatheka! Mwandipulumutsa, mayi. Ndikuthokozeni bwanji?"

"Mwandithokoza kale. Uthenga wanuwo ndi uwu wandifikawu. Minibasi ipite, ine ndikubwerera kukamanga mabelo anga a fodya."