Mpeni wa Apongozi

Apongozi anasula zitsulo zaka makumi anayi, mpaka manja anayamba kunjenjemera. Kampeni komaliza, kosapinda, kofanana ndi chala chamkombaphala kutalika kwake, anakapereka kwa mkamwini wawo amene amalongedza makatoni kumalo osungira katundu. Patatha chaka anapita kukakaona, chifukwa ankafuna kudziwa ndi maso awo kuti ntchito yawo yomaliza ikugwira ntchito. Anampeza mkamwini ataweramira katoni, akudula selotepi ndi mano.

"Akamwini, mukutani?"

"Ndikutseka katoni, bambo."

"Ndi pakamwa?"

"Eee, bambo. Dzino lakumanjali linabenthuka, ndiye ndinasamukira kumanzere."

Apongozi anakhala pampando osauzidwa. Mtima unawawawa, koma munthu wamkulu sayamba n'kulira.

"Mpeni wanga uli kuti?"

Mkamwini anakweza malaya. Kampeni kanali pa lamba, m'chimake chachikopa, kakunyezimira ndi mafuta.

"Munati ndizikhala nako tsiku lililonse. Sindinaphonyepo. Ngakhale ku ukwati wa mlongo wanga ndinali nako."

"Ndiye mwadulira chiyani chaka chonsechi?"

"Palibe, bambo."

"Aaa! Chingwe?"

"Ayi."

"Chipatso?"

"Ndimadya ndi makoko omwe."

"Mukudziwa chimene mwavalacho, inu? Kapangidwe kameneko n'ka agogo a bambo anga. Chitsulo n'chimodzi, kuchokera kunsonga mpaka kumapeto kwa chogwirira. Palibe kamsomali koti kamasuke ngati timipeni topinda ta m'sitoloti. Abusa a ziweto ankayenda nako, osoka nsapato ankayenda nako."

"Inenso ndimayenda nako, bambo."

"Iwo ankadulira!"

"Anali ndi mwayi."

Pamenepa apongozi anamuyang'anitsitsa. Mkamwini wawoyu sanali wamwano, ndipo limeneli ndiye linali vuto, chifukwa wamwano umadziwa pomugwira.

"Mukuuderera eti? Mukuti nkhalambayo inasula ikunjenjemera?"

"Ayi, bambo! Ndimaupaka mafuta Lamlungu lililonse."

"Chitsulo chake?"

"Chikopa chake."

"Bweretsani kuno. Ndikuonetseni mmene amuna amadulira."

Mkamwini anamasula lamba n'kupereka ndi manja awiri. Apongozi anagwira chogwirira n'kukoka. Mpeni sunasunthe. Anapukuta dzanja pa thalauza, nakokanso. Anapanikiza chimake pakati pa mawondo, mitsempha ya m'khosi ili tolotolo. Mpeni unangokhala phee.

"Gwirani uko."

Anakokerana kuyambira pa sikelo mpaka pachitseko. Mulu wa makatoni unagwa. Mpeni sunatuluke.

Apongozi anakhalanso pansi akupuma mwawefuwefu. Anakumbukira bwino lomwe. Chikopacho anachisoka chili chonyowa, manja akukana, ndipo anamangitsa ulusi kawiri poopa kuti mpeni ungagwe. Chitauma chinaluma chitsulocho osachisiyanso. Manyazi anawagwira.

"Zinayamba liti zimenezi?"

"Tsiku lomwe munandipatsa, bambo. Ndinayesa nditangofika kunyumba."

"Chaka chathunthu! Bwanji osanena?"

"Munanena ndinu. Munati mpeni wa m'banja mwanu sutuluka m'chimake popanda chifukwa."

"Ndiye?"

"Ndiye ndinaona kuti selotepi si chifukwa chokwanira. Ndimadikira chachikulu."

"Nanga akanabwera akuba?"

"Ndinkati mwina pamenepo ndiye utuluka."

Apongozi anatembenuza chimake n'kuyang'ana msoko wawo. Unali wokhota, koma wolimba. Anauyesa ndi chikhadabo, osatheka.

"Tingodula ulusiwu. Ndipatseni sizasi."

"Ndinaipereka kwa mnzanga, bambo. Ndinati munthu wokhala ndi mpeni wa apongozi ake sangasungenso sizasi. Bwenzi ndikukunyozani."

"Lezala?"

"Chimodzimodzi."

"M'chinyumba chonsechi mulibe chodulira?"

"Chilipo chimodzi, bambo, chabwino kwambiri." Analoza mpeni uja.

Apongozi anayang'ana kudenga, kenako pansi. Anayesa kuluma ulusiwo okha, koma kutsogoloku kunatsala nkhama zokha. Anapukuta chimake pa malaya awo bwinobwino, nachipereka ndi manja awiri.

"Akamwini," anatero motsitsa mawu, "paja munati lakuthwa ndi la mbali iti?"