Amene Anagwira Njinga Kumtunda

Ine, Paston January, wa zaka 26, wa m'mudzi mwa Namputu, Mfumu Yaikulu Mabuka, boma la Mulanje, wokhala ku Nancholi, ndine mlonda wa masana pa nyumba ina yosanja pafupi ndi msika waukulu wa Blantyre. Ndili ndi mkazi, Winnie, ndi mwana mmodzi, Kate, wa miyezi 7.

A Stafford Likoswe ndi kalaliki pa kampani yomwe ili m'mwamba mwa nyumbayo. Amayendera njinga ya olumala. Chikepe chinafa chaka chatha mu Juni, ndiye ine ndi mlonda mnzanga Melvin tinkawanyamula pa masitepe 38, m'mawa ndi madzulo. Kanyamulidwe kake anatiphunzitsa eni ake. Wakumtunda amagwira zogwirira za kumbuyo, wakumunsi amagwira chitsulo cha ku mapazi. Wakumtunda anene kuti “Ndagwira,” wakumunsi ayankhe kuti “Tiye,” ndiye phazi lisunthe. Sitepe iliyonse choncho. Ankatitcha madalaivala awo. Ankati, “Madalaivala, lero ndadya chinangwa, muwonjezere giya.”

Mu Febuluwale a Stafford anandiuza kuti akadandaula ku ofesi ya Leba za chikepe, komanso zoti akuumirizidwa kusiya ntchito. Nkhaniyo inayenera kukambidwa lero, pa 17 Malichi 2025.

Lolemba pa 10 Malichi, cha m'ma 10 koloko m'mawa, a Roy, manijala wa kampaniyo, amenenso amatilemba ife alonda, anandipeza pa geti. Anati, “Msana sukupweteka, Paston? Anthu ena amalemera kuposa ntchito yawo.”

Lachiwiri Melvin anamusamutsira ku Limbe. M'malo mwake munabwera munthu wina dzina lake Mikaili, wamtali, wopanda yunifomu. Dzina lachiwiri sindilidziwa. Anati iye azigwira kumtunda chifukwa ndi wamtali. Masiku atatu ananyamula bwinobwino, “Ndagwira” akunena.

Lachisanu pa 14 Malichi, cha m'ma 4:40 madzulo, tinayamba kutsika. A Stafford anali ndi fayilo yobiriwira pamiyendo. Tinatsika masitepe 12. Pa ya 13 Mikaili sananene kanthu, ndiye ine phazi sindinasunthe. Ndinayang'ana kumtunda. Ndinaona manja ake onse awiri ali pachifuwa, otambasula. Pansi panali pouma. Iye sanaterereke, anali chilili.

Njinga inandimenya pachifuwa, ndinagwa chagada. A Stafford anagubuduka masitepe 7 n'kumenyetsa mutu kukhoma. Magazi ankatuluka khutu lamanzere. Mikaili anatsika, anatola fayilo ija n'kubwerera nayo kumtunda. Sindinaionenso.

A Roy anabwera patapita mphindi ngati zisanu. Asanaitane galimoto anandiuza kuti, “Waterereka ndiwe, Paston. Wakumunsi ndi amene amaterereka.” Tinawatengera a Stafford kuchipatala cha Gulupu. Loweruka ndinakawaona, anali asanayankhule.

Dzulo Lamulungu, cha m'ma 2 koloko masana, ndinapita kukagula makala, mtunda wa mamita ngati 200 kuchokera kunyumba. Pobwera ndinapeza Mikaili pakhonde pathu atanyamula Kate. Kwathu sindinamulozerepo. Winnie anati anamuuza kuti ndi mnzanga wa kuntchito, wabwera kudzazonda chifuwa changa. Nyumba yathu ili pa chitunda, khonde lake lili ndi masitepe 6 a simenti. Mikaili anaima m'mphepete penipeni, mwana ali m'manja, atamutalikitsa ndi thupi lake.

Anati, “Akudya bwino mwanayu, mlamu. Akulemera.” Winnie anaseka. Kenako Mikaili anandiyang'ana ine n'kunena kuti, “Ndagwira, a Paston. Nenani kuti tiye.”

Ndinatula makala pansi. Ndinati, “Mpatseni mayi ake.” Anadikira kaye, kenako anamupereka. Pochoka anati, “Mawa musachedwe kuntchito. A Roy ali ndi kalata yoti musayine, ya mmene zinachitikira.”

Lero kuntchito sindinapite. Cha m'ma 6 koloko m'mawa ndinakweza Winnie ndi Kate minibasi, ndinadikira mpaka itanyamuka. Kumene apita ndikupempha kuti kusalembedwe papepala lino. Kuchoka apo ndabwera kuno kupolisi wapansi, kudzera njira ina, osati ya masiku onse.

Kalata ya a Roy sindinaione ndipo sindinasayine. Wakumunsi ndinali ine, wakumtunda anali Mikaili. Pa sitepe ya 13 sananene kuti “Ndagwira.” Ine sindinanene kuti “Tiye.”

Ndi zomwe ndikudziwa, ndipo andiwerengera ndamva.

Wosayina: Paston January ____________
Tsiku: 17 Malichi 2025