Chete wa Pakati pa Nyimbo

Olemekezeka mayi wapampando wa bungwe lathu la zisudzo, olemekezeka akuluakulu oyang'anira holo ino, mtsogoleri wa sewero, mphunzitsi wa nyimbo pamodzi ndi oimba zida anu, makolo amene mwaperekeza ana, inu anyamata ndi atsikana amene mwabwera kudzayesedwa mawu, amayi ndi abambo, ndakulonjerani nonse. Achemwali anga, amene akhala kumzere wakumapeto uko pafupi ndi chitseko, ndawalumpha dala. Tifika kwa iwo.

Ndithokoze pondipatsa ulemu wotsegulira mayeso osankha osewera. Koma mwaitana munthu amene anakalambira pa wailesi, ndiye ndikatalikitsa musadandaule. Kuntchito kwathu kukhala chete unali mlandu. Ukangoti upume pang'ono, bwana ankagogoda pagalasi.

Ambiri a inu sewero la nyimbo limene tikuliukitsali, "Khonde la Kumapeto", mwangolimva dzina. Linaseweredwa m'holo yomwe ino ine ndisanakwatire, ndipo linatsekedwa sabata isanathe. Ndi nkhani ya mayi wosita zovala amene mwana wake anachoka pakhomo osatsanzika. Muli dalaivala wa basi wobwera ndi mphekesera, mulinso mnansi wamiseche. Amene ankasewera mayi uja anali achemwali angawa.

Pakati pa nyimbo yaikulu mayiyo amaima pakhonde n'kuitana mwana wake. Akaitana, zida zonse zimaleka, iye n'kumadikira yankho limene silibwera. Malemu amene anapeka seweroli anachita dala, ndipo moyo wonse wa nkhaniyi uli pamenepo. Tsono tsiku loyamba wonong'oneza anadwala. Wonong'oneza ndi munthu amene amakhala kuseri kwa katani n'kumakumbutsa osewera akaiwala mawu. M'malo mwake anaikapo kalaliki wa holo, bambo wachifundo kwambiri, amene sanaonepo anzake akukonzekera. Achemwali ataitana n'kukhala chete, bamboyo anati mtsikana waiwala, ndimupulumutse. Ananong'oneza, achemwali ali duu. Anakweza mawu, achemwali ali duu. Mapeto ake anachita kufuula, mpaka wong'amba matikiti pakhomo anamva: "Bwera udye, mwanawe!"

Anthu anafa nacho chiseko. Inunso ndikuona mukuseka, ndipo sindikukuletsani, n'zoseketsadi. Koma mawa lake anthu ankabwera kudzadikira pamenepo kuti aseke. Seweroli linatchuka kuti ndi la mayi woiwala, ndipo achemwali akamadutsa mumsewu ankawakuwiza kuti abwere adye. Chichokereni sabata imeneyo sanaimbenso pagulu, ndipo m'holo ya zisudzo sanapondemonso kufikira lero. Zinandipweteka, ndipo zimandipwetekabe.

Chilandirireni uthenga wanu ndakhala ndikuyenda ndi funso m'mutu: kodi nditapatsidwa mphamvu zosankha, ndingaike ndani pati? Dalaivala ndinamupeza kale. Pali kondakitala wina wa basi imene ndimakwera popita kuchipatala, amene akamaitanira anthu amachita ngati akuwauza chinsinsi, ndipo umakwera ngakhale sukupita komweko. Kodi munthu wotere amaphunzira kuti? Wa mnansi wamiseche sinditchula, poti oyenera ena ali mkati muno ndipo takhala nawo patebulo limodzi. Mayi wapampando, sindinaloze munthu.

Koma mayi wosita uja wandizunguza mutu. Ndinaganiza za namwino amene amaitana mayina pamzere wa odwala. Mawu ali nawo, koma akaitana sadikira, amalumphira dzina lina. Ndinaganiza za mdzukulu wanga wa m'kwaya. Amaimba bwino, koma pakangokhala zii amayang'ana foni. Ndinafika podzifunsa kuti kodi kudikira kumaphunzitsika? Kodi munthu amene sanaimepo pakhomo n'kumayang'ana kumsewu angakwanitse kukhala chete pamaso pa holo yodzaza, osamwetulira, osakhosomola?

Mtsogoleri wa sewero, mnyamata woganiza bwino, anandiuza mosabisa. Anati, "Bambo, anthu a masiku ano sapirira. Bwanji chete ameneyu timufupikitse, kapena tiikepo kagitala pang'ono? Tikuopa kuti zingachitikenso." Koma yankho lake silinali langa, linali la achemwali. Tikamuchotsa chete, ndiye kuti tavomereza kuti kalaliki uja ankanena zoona, kuti achemwali anaiwaladi.

Ndinapita kwawo. Ndinawapeza akuthirira maluwa a m'zitini, ndipo sanatembenuke n'komwe.

"Iwe Wailesi," anatero, poti ndi mmene amanditchulira, "wabwera kudzandinyengerera zopita kuholo."

"Ayi achemwali, ndabwera kudzafunsa. Inuyo mungasankhe ndani kuti asewere mayi uja?"

"Aliyense. Atsikana oimba ndi ambirimbiri."

"Nanga chete uja? Akufuna kumudula."

Apa m'pamene anaika chitini pansi.

"Amudule chifukwa chiyani? Analakwa ndi chete?"

"Akuti anthu sapirira."

"Anthu anapirira tsiku lija. Ndinkawaona ine. Mayi wina kutsogolo anali atayamba kupukuta misozi. Amene sanapirire anali kuseri kwa katani. Inu mukuvutika kufuna woimba, chonsecho munthu wofunika m'sewero limeneli ndi wonong'oneza wodziwa kutseka pakamwa."

Ndinawafunsa kuti munthu woteroyo timupeza kuti, poti aliyense amene ali ndi mtima wabwino akaona mnzake ali chete amafuna kumuthandiza. Anatolanso chitini chija. Kenako anati, "Pampando wa kuseri uja anakonzapo mwendo? Unali wogwedera."

Amayi ndi abambo, mwina mumaganiza kuti achemwali akhala pafupi ndi chitseko kuti athawe msanga. Inenso m'mawa uno ndimaopa zomwezo. Koma chitseko chimenecho ndi cholowera kuseri kwa katani. Mtsogoleri wa sewero wavomera: chete akhala monga mmene analili, ndipo wonong'oneza wa "Khonde la Kumapeto" ndi iwowo. Ndiye iwe mtsikana amene usankhidwe, kaya wakhala pati, dziwiratu. Ukaiwala mawu pena paliponse adzakukumbutsa mwachikondi. Koma ukadzaitana mwana wako pakhonde paja, palibe amene adzakuthandize. Udzaime, udikire, mpaka iwo kuseriko akhutire.

Achemwali, mpando aukonza. Ndinaukhalira ndekha kuti nditsimikize.

Ndi mawu amenewa, komanso ndi ulemu umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti mayeso osankha osewera atsegulidwa tsopano. Zikomo kwambiri, nonse.