Ndodo ya Bambo wa Pabenchi

Pamalo ogulitsira magalimoto, mayi wina ankazungulira magalimoto atatu onyezimira, mutu utamuima. Bambo wachikulire amene anakhala pabenchi, ndodo ili pamiyendo, anamulankhula.

"Mwazungulira mokwanira, mwana wanga. Yakusangalatsani ndi iti?"

"Ndasokonezeka, bambo. Yofiirayi akuti liwiro lake n'loopsa. Yoyerayi mtengo wake ndi wabwinoko. Yakudayi ndiye ya dzina, ukangoimika anthu amakupatsa ulemu."

"Ulemuwo amapatsa galimoto, osati inu. Muzikwera ndi ndani?"

"Amayi anga. Anawachita opaleshoni ya m'chiuno, ndiye ndimawaperekeza kuchipatala pafupipafupi. Ndikasankha molakwika, ovutika ndi iwowo."

"Magalimoto othamangawa mipando yake ndi yotsika, ngati wakhala pansi. Tengani ndodo yangayi. Mulowe kumbuyoko osapinda mwendo umodzi, kenako mutuluke."

Mayiyo anayesa onse atatu, nabwerera akupukuta thukuta.

"Yakuda yandikana polowa, yofiira yandikaniza kutuluka. Yoyerayi yokha ndatuluka osabuula."

"Ndiyetu amayi asankha kale."

"Mulungu akudalitseni, bambo. Ndikanagula dzina, amayi n'kumatsala pakhomo."

"Zikomo, mwana wanga. Koma ndodoyo bweretsani, siikugulitsidwa."