Ng'oma imene inatulutsa bambo anga m'tchalitchi

Awulutsi, ndiwerengereniko nkhani yangayi, koma dzina langa musatchule.

Ndinakulira ku Kawale. Bambo anga anali mkulu wa mpingo, ine ndinali wa kwaya. Lamulungu lina tinalowa ndi ng'oma m'tchalitchi, ndipo woimba ng'omayo ndinali ine. Nditangoigunda, bambo anatola chipewa chawo n'kutuluka, mpingo wonse ukuona.

Kunyumba anandifunsa kuti, "Iwe, zakudambwe wazilowetsa m'nyumba ya Mulungu?" Kwawo ku Dedza ng'oma inali ya gule, ndipo pobatizidwa anauzidwa kuti aisiye pamodzi ndi machimo awo.

Ndinagwada. Ndinati, "Ababa, ndionetseni vesi loletsa, ndikaing'amba ndekha."

Masabata atatu sitinkalankhulana. Akaweruka kuntchito ankakhala pakhonde, magalasi ali pamphuno, akutsegula Malemba tsamba ndi tsamba. Tsiku lina ndikuchapa anandiitana n'kunena kuti, "Ndafufuza, mulibe. Anatiletsa ndi anthu, ine n'kumayesa ndi Mulungu."

Sanapepese, ndipo sananenepo kuti ng'oma aikonda. Koma sanatulukenso. Ankakhala pa benchi lawo lakutsogolo, nkhope ili gwa ngati ali pa mlandu, chala chokha chikugunda pabondo motsatira ng'oma yanga.

Bambo anatisiya kale, ndipo kutchalitchi kwathu kunadzaza makiyibodi. Anzanga omvera, musanadane ndi mwana wanu, yambani mwafufuza kuti chinthucho anachiletsa ndani. Ine mpaka lero ndikamaimba ndimayang'ana pa benchi lija, kufunafuna chala chija.