Tchuthi Chowokera Mpunga

Lolemba masana pa 26 Juni 1950, tsiku lachiwiri la nkhondo ya pakati pa kumpoto ndi kummwera kwa dziko lawo, amake Dal-su anali pamzere wodikira sitima yapamtunda pa siteshoni ya Yeongdeungpo. Galimoto ya chimkuzamawu itadutsa kachitatu, anatembenukira bambo wina amene ankawerenga nyuzi kumbuyo kwawo.

"Bambo, akukuwa chiyani kwenikweni?"

"Akuti msilikali aliyense amene ali patchuthi abwerere kukampu lero. Muli ndi mwana kuusilikali, mayi?"

"Anam'patsa masabata awiri oti adzawokere mpunga. Wangokhala masiku atatu."

"Ndiye wamva?"

"Kwathu kulibe wailesi. Panopa ali m'matope."

"Musadandaule. Mayiko akuluakulu akumana ku Amereka, alamula akumpoto kuti abwerere kuseri kwa mzere wogawa dziko lathu pakati."

"Omwe aja anajambula mzerewo?"

"Omwewo. Kungoti a ku Rasha sanapite kumsonkhano."

"Nanga asilikali awo atumiza?"

"Akukambiranabe. Akuluakulu ankhondo akuyang'ana mapu."

"Akasinja a akumpoto nawonso aima kuti anthu amalize kukambirana?"

"Akuti afika kale ku Uijeongbu, tauni yapafupi ndi kuno. Anyamata athu ali ndi mfuti basi."

"Inu mukanatani, bambo?"

"Ine ndine kalaliki wa kupositi chabe, mayi. Koma wosabwerera amamutcha wothawa nkhondo. Chilango chake mukuchidziwa."

"Ndikuchidziwa. Bambo akenso anatengedwa ndi Ajapani, ankati ndi miyezi yochepa, koma mpaka lero sanabwere."

"Ndiye mukamuuza?"

"Kwatsala ndime ziwiri zosawoka. Ndikamuuza Lachinayi. Eni mzerewo sakufulumira, ndifulumire ine?"